Mutu 6: Mng'alu wa pa Phiri la Mwalawanjuchi

1. Munda wobisika

Queen Namakhwa anali mtsikana wa Fomu 3 pa sekondale yoyendera ya kufupi ndi Masambanjati. Bambo ake, a Blackson, ankathyola tiyi pa esiteti ya Namilonje, ndipo banja lonse linkakhala m'nyumba ya kampani ku malaini a antchito.

Munda analibe. Tiyi anali ponseponse, kuyambira pakhomo mpaka pamene maso amalekezera, koma panalibe ngakhale mzere umodzi woti iwo adzalepo chimanga.

N'chifukwa chake a Blackson ndi anzawo ena anakatsegula minda mobisa pamwamba pa phiri la Mwalawanjuchi, mkati mwa nkhalango ya esiteti. Anadula mitengo ya pakati n'kusiya ya m'mphepete, kuti munthu wodutsa mumsewu asaone kanthu.

Lachisanu masana, ataweruka kusukulu, Queen anakwera phiri kukathandiza kuunda mizere. Mvula ya chizimalupsa inali itagwa kale, ndipo aliyense ankadziwa kuti ya dzinja ili pafupi.

Kumtunda kwa munda anaima. Panali mng'alu wautali m'nthaka. Chaka chatha unali kamzere chabe koyendamo nyerere, koma tsopano ataponyamo mpini wa khasu, unalowa wonse. Nthochi za pafupi zinali zitapendekera kumunsi. Pansi pa mwala wina pankatuluka madzi amatope, pamalo pamene sipanakhalepo kasupe ndi kale lonse.

"Ababa, bwerani mudzaone," anaitana Queen.

A Blackson anabwera. Anayang'ana mng'aluwo. Kenaka anatola mapesi ouma n'kuyamba kuvindikira.

"Khala pansi apa, mwana wanga," anatero atamaliza. "Ndamva kuti mawa mukupita ku ulendo wa sukulu, pa lole ya kampani, limodzi ndi ana a akuluakulu. Tsono tamvera. Munda uno kulibe. Sunauonepo, sunapondemo. Ine ndinabadwira pa esiteti ino, bambo anga anafera pa esiteti ino, koma ngakhale pomanga khola la nkhuku si pathu. Tsiku limene amanijala adzamve kuti Blackson akulima m'nkhalango, ntchito yatha, nyumba atilanda, mwinanso apolisi anditenga. Iwe sukuluyo udzaphunzira ukugona kuti? Ndiponso si ine ndekha. Pali mabanja ena amene akudya za paphiri pano. Khoswe wa padenga anaulula wa padzala. Ukandigwetsa ine, wagwetsa onsewo. Anthu ophunzira amafunsa mokoma, amakusekerera, amakupatsa chakumwa chozizira. Akatero amakwera galimoto zawo n'kumapita, iwe n'kutsala ndi moto m'manja. Ukaone zimene akakuonetsezo, ukaombe m'manja, ubwere kunyumba. Pakamwa pako pakhale potseka."

"Nanga mng'aluwu, ababa?"

"Nthaka imang'aluka ndi dzuwa. Mvula ikagwa itsekeka yokha."

Polankhula mawu amenewa sanamuyang'ane Queen. Ankayang'ana kumunsi kwa phiri, kumene malata a m'mudzi ankanyezimira.

2. Pa lole ya kampani

Loweruka m'mawa ana a Fomu 3 anakwera lole imene esiteti inabwereketsa. Inkanunkhabe masamba a tiyi. Ankapita ku malo atsopano ofufuzira za mlengalenga, amene tsiku limenelo anawatsegula kuti aliyense akaone.

Queen anakhala pafupi ndi mnzake wa pamtima, Mwai, amene kwawo kunali m'mudzi wa patsinde pa phiri la Mwalawanjuchi. Mwai sanagone ndi chimwemwe. Ananyamula nthochi zodzaza jumbo, ati zokawapatsa anthu opita kumwezi.

Moyang'anana nawo panakhala Dixon, mwana wa mkulu wa alonda a esiteti. Ndi iye yekha m'kalasimo amene anali ndi foni yakeyake, ndipo ankaonetsetsa kuti aliyense akuiona.

Lole isananyamuke, aphunzitsi a sayansi, a Hopeson Mulipa, anaimirira atagwira chitsulo cha kumbuyo.

"Ana inu, tamverani. Kumene tikupitaku kuli makina amene simunawaonepo. Manja anu akhale m'matumba. Koma pakamwa pokha ndi pamene sindikufuna kuti mutseke. Ine ndaphunzitsa zaka zambiri kuno, ndipo matenda athu ndikuwadziwa. Mwana wa ku esiteti akaona munthu wovala bwino amawerama, amangoti inde bwana, ngakhale funso lili pakhosi. Manyazi anapha lambe. Amene safunsa amabwerera ndi umbuli wake womwe uja, atangowonjezerapo fumbi la mumsewu. Akakufunsani, yankhani zoona. Mukapanda kumva, funsani. Mwamva?"

"Tamva, sala!" anayankha onse.

Queen yekha anaweramitsa mutu.

Lole inayenda m'misewu yokhotakhota pakati pa minda ya tiyi. Ana ankaimba. Pa gulaye wina phiri la Mwalawanjuchi linaoneka lonse, lobiriwira bwino, ngati kuti nkhwangwa sinafikeko. Queen anatembenukira mbali ina.

3. Chimbale choyang'ana kumwamba

Chinthu choyamba chimene anaona atafika chinali chimbale choyera, chachikulu kuposa denga la kalasi yawo, chitayang'ana kumwamba. Chinkatembenuka chokha pang'onopang'ono. Ana ena anathawira kumbuyo kwa aphunzitsi.

Anawalandira mayi wina wamfupi, wovala mpango wobiriwira kumutu ndi jasi loyera.

"Ine ndine Dokotala Zaina Dauda," anatero. "Musandiope. Ndinakulira kuno ku Thyolo, bambo anga ankayendetsa matola. Chimbale ichi ndi khutu lathu. Kumwambaku kuli makina otchedwa setilaiti amene amazungulira dziko usana ndi usiku akujambula zithunzi. Akamadutsa pamwamba pathu, chimbalechi chimawatsata n'kulandira zimene aona."

Anawalowetsa m'nyumba yozizira ngati m'mawa wa mwezi wa Juni. M'chipinda choyamba munali chifaniziro cha roketi chofika kudenga, ndi chovala choyera cha anthu opita mlengalenga chitaimikidwa m'galasi. Munalinso kasetilaiti kakang'ono, kosaposa lofu ya buledi, kamene ophunzira a ku koleji ankayesera kupanga.

Mwai anafunsa ngati kumwezi kungamere nthochi. Onse anaseka, koma Dokotala Zaina anamuyankha bwinobwino kuti kulibe mpweya ndi madzi oyenda, ndipo anati ndi funso limene akatswiri akulimbana nalo.

Kenaka analowa m'chipinda chozungulira chopanda mawindo. Chitseko chinatsekedwa, magetsi anazimitsidwa. Mwadzidzidzi denga lonse linadzaza nyenyezi. Ana anakuwa. Pambuyo pake panaoneka kanema wa anthu okhala m'chombo cha mlengalenga, akuyandama m'kanjira kopanikiza, kodzaza mawaya.

"Amakhala mmenemo miyezi yambiri," anatero Dokotala Zaina mumdimamo.

"Nanga akayambana amatulukira kuti?" anafunsa Dixon.

"Palibe kotulukira. Ukatsegula chitseko wafa, ndipo wapha anzako."

Ana anasekanso. Queen anamasula batani la pakhosi la yunifolomu yake. Chitseko chitatsegulidwa, anali woyamba kutuluka.

4. Banga lofiira

Chipinda chomaliza chinali ndi sikirini yaikulu ngati bolodi ya m'kalasi, ndi makompyuta m'mbali.

"Anthu amaganiza kuti ntchito yathu ndi kuyang'ana nyenyezi basi," anatero Dokotala Zaina. "Koma nthawi zambiri timapita kumwamba kuti tione bwino pansi. Mwachokera kuti?"

"Ku Masambanjati!"

Anadina kompyuta. Pa sikirini panaoneka dziko la Malawi, kenaka chithunzi chinayamba kutsika ngati kabawi akutsata mwanapiye. Minda ya tiyi inaoneka ngati mphasa zobiriwira. Misewu inali ngati ulusi.

Mwai analumpha.

"Uko ndi kwathu! Tchalitchi cha malata abuluu icho! Nyumba yathu ndi iyo, yachiwiri kuchokera pa mtsinje!"

Ana anadzazana kutsogolo, aliyense akufuna kwawo. Queen anatsalira kumbuyo. Iye anali ataona kale chimene anzake sanachione. Pamwamba pa tchalitchicho, pakati pa nkhalango, panali dazi lofiirira. Mitengo ya m'mphepete imene inkabisa minda kwa anthu a mumsewu sinabise kanthu kwa makina a kumwamba.

Dokotala Zaina anali atasiya kumwetulira. Anadinanso kompyuta, ndipo chithunzi chinasintha mitundu. Malo ambiri anakhala obiriwira, koma pa dazi paja panabwera banga lofiira ngati magazi.

"Setilaiti ina imayeza ngati nthaka ikusuntha," anatero. "Pobiriwira ndi pokhazikika. Pofiira ndiye kuti pakuyenda, pang'onopang'ono, mwina kutalika kwa chala pa miyezi ingapo. Phiri ili limatchedwa chiyani?"

"Mwalawanjuchi," anayankha Mwai. Mawu ake anali atachepa.

Dokotala anakhala pa ngodya ya tebulo n'kuwayang'ana mmodzimmodzi.

"Ndikuuzeni zoona, chifukwa si inu makanda. Makolo athu ankati napolo ndi chinjoka chimene chimatuluka m'phiri n'kukokolola midzi. Kaya mumutcha chinjoka, kaya mumutcha kugumuka kwa nthaka, amapha chimodzimodzi. Chaka cha namondwe wamkulu uja ine ndinapita kumidzi kumene mapiri anatsika. Ndinaona amayi akukumba matope ndi manja, kufuna ana awo. Opulumuka ambiri anandiuza mawu amodzi: mng'alu tinkauona, madzi amatope tinkawaona, koma tinkati si nkhani yathu. Chakudza sichiimba ng'oma, inde, koma phiri lokha limachenjeza. Vuto ndi ili. Mabanga ofiira ngati ili tili nawo ambiri m'chigawo chino, ndipo ena ndi onama, chifukwa mitengo ndi mitambo zimasokoneza makina. Galimoto tili nayo imodzi. Timayamba kupita kumene munthu waona ndi maso ake. Pa mapu athu pano ndi nkhalango ya esiteti, sipayenda munthu, ndiye tinapaika kumapeto. Mwina tidzafikako mvula itatha. Tsono ndikufunseni. Alipo amene anafikapo pamwamba apa? Alipo waona mng'alu m'nthaka, mitengo yopendekera, kapena madzi otuluka pamalo achilendo?"

Ana anayang'anana.

"Palibe amaloledwa kukwera kumeneko, madamu," anatero Dixon. "Amene amapitako ndi akuba okhaokha."

Queen anayang'ana nsapato zake. A Hopeson anayendetsa maso pa ana onse, ndipo anakhalitsa pang'ono pa iye.

"Chabwino," anatero Dokotala Zaina. "Wina akakumbukira, ofesi yanga ndi chitseko chomaliza. Tiyeni mukadye."

5. Pansi pa mtengo wa mbawa

Ana anapatsidwa mabanzi ndi zakumwa, ndipo anakhala m'magulu pa kapinga. Queen ndi Mwai anakhala pansi pa mtengo wa mbawa. Jumbo ya nthochi inali pambali, yaiwalika.

"Amayi angobereka kumene," anatero Mwai. "Agogo sayenda. Madzi atabwera, ine ndinganyamule ndani n'kusiya ndani?"

"Anena kuti mabanga ena ndi onama," anayankha Queen.

"Nanga likakhala loona?" Mwai anamugwira dzanja. "Iwe umatola nkhuni cha kumeneko. Sunaonepo kanthu? Ngakhale kakang'ono?"

"Ayi."

"Lumbira."

"Ndati ayi, Mwai! Ukufuna ndinene kangati?"

Mwai anachotsa dzanja lake. Chiyambire chinzake chawo ku pulayimale, Queen anali asanamukalipirepo.

Dixon anabwera akutafuna banzi.

"Mwaliona dazi lija? Adadi amanena kale kuti mitengo ikutha kumeneko, koma akakwera sapeza munthu. Ndajambula sikirini ija pa foni. Akaona, akawagwira onse ngati mbewa."

"Iwe ukuganiza za kugwira anthu, ife tikuganiza za kufa," anatero Mwai, ndipo anayamba kulira.

Dixon anasiya kutafuna. Anaima pang'ono ngati akufuna kupepesa, koma anangochokapo.

Queen anaimirira n'kupita ku mpanda wa waya. Kunja kwake kunali tiyi, tiyi yekhayekha mpaka kuphiri. Kummwera mitambo yakuda inali itayamba kuunjikana. Anayenda motsata mpandawo mpaka anafika pa geti, pamene mlonda anamuuza kuti ana saloledwa kutuluka okha. Anabwerera.

A Hopeson anamupeza ataima kuseri kwa chimbale chija, banzi lili m'manja losaluma.

"Queen, ukudwala?"

"Ayi, sala."

"Ine sindikufunsa zimene ukudziwa," anatero aphunzitsiwo motsitsa mawu. "Bambo anga nawonso ankathyola tiyi. Ndikudziwa mmene chimanga chimapezekera ku malaini. Sindingakukakamize, ndipo sindingakunamize kuti ukalankhula zonse zikhala bwino. Mwina sizikhala bwino. Koma pali zinthu zimene zimakonzeka ndi zina zosakonzeka. Ntchito ikatha, munthu amavutika, amasaka ina. Nyumba akalanda, abale amakusunga. Koma amene wakwiriridwa ndi matope sabweranso, ndipo pepani sapoletsa chilonda. Wosunga chinsinsi chotere amachisenza mpaka imvi. Lole inyamuka posachedwa. Ine ndikukawerenga ana, ndipo ndiyambira kutsogolo."

Anachoka osatembenuka.

6. Chitseko chomaliza

Ana anayamba kukwera lole. Queen anaika phazi pa tayala, ndipo Mwai, ngakhale Queen anali atamukalipira, anatambasula dzanja kuti amukoke. Maso ake anali otupa.

Queen anatsitsa phazi lija.

"Ndaiwala kanthu," anatero, n'kuthamangira m'nyumba muja.

Khonde la mkati linali lalitali. Chitseko chomaliza chinali chotsekula pang'ono. Dokotala Zaina ankalemba pa kompyuta.

"Lowa, mwana wanga. Dzina lako?"

"Sindinganene dzina, madamu."

"Chabwino. Khala pansi."

Queen sanakhale. Analankhula ataimirira, mofulumira, ngati akuopa kuti akapuma asiya. Ananena za mng'alu, kuti mpini wa khasu umalowa wonse. Ananena za nthochi zopendekera, ndi madzi amatope otuluka pansi pa mwala.

Dokotala anatsegula chithunzi chija.

"Ndilozere."

Queen analoza. Chala chake chinagwera kumtunda kwenikweni kwa banga lofiira. Dokotala anapumira m'mwamba.

"Unauona liti?"

"Dzulo."

"Chaka chatha unalipo?"

"Unalipo, koma unali waung'ono."

"Ndiye kuti umafikako kawirikawiri." Dokotala anamuyang'ana. "Mundawo ndi wa kwanu?"

Queen anagwedeza mutu kuvomera. Misozi inayamba kutsika.

"Madamu, chonde, musawauze a esiteti. Ababa awachotsa ntchito. Mungokawauza a m'mudzi kuti asamuke, basi."

Dokotala Zaina anaimirira n'kumugwira mapewa.

"Ndikanakonda ndikanakulonjeza zimenezo, koma likhala bodza. Anthu sangasiye nyumba zawo chifukwa cha mawu anga okha. Tiyenera kukwera phirilo Lolemba, kukayeza, limodzi ndi a ku boma oona za ngozi. Malowo ndi a esiteti, sitingalowe osawauza. Tikakafika, mindayo aiona. Chimene ndingalonjeze ndi ichi: sindidzanena kuti ndamva kwa ndani. Ndipo ndikawauza akuluakuluwo pamaso kuti anthu amene akulima paphompho sakutero chifukwa chokonda. Ngati andimvere, sindikudziwa. Koma iwe lero wachita chinthu chimene makina athu onsewa sakanatha."

Queen sanamve kukoma kulikonse ndi mawu amenewo. Anapukuta nkhope ndi mkono wa yunifolomu n'kutembenuka.

Pakhomo panali pataima Dixon.

"Dalaivala wandituma ndidzakuitane," anatero. "Akuti mvula itipeza."

Palibe anafunsa kuti wakhala ataima pamenepo nthawi yaitali bwanji. Nkhope yake inkanena yokha.

"Mnyamata iwe," anatero Dokotala Zaina, "zimene wamva muno ndi za moyo wa anthu. Usazisandutse zoseweretsa."

"Sindinamve kanthu, madamu," anayankha Dixon, maso ali pansi.

7. Kubwerera

Pobwerera ana sanaimbe kwambiri. Mphepo inali itayamba kuzizira, ndipo kutali kunkang'anima.

Queen anakhala pafupi ndi Mwai. Patapita nthawi anamunong'oneza.

"Ndinakunamiza. Mng'alu ulipo, ndipo ndi waukulu. Ukawauze amayi ako kuti mvula ikayamba mwamphamvu asagone m'nyumba muja. Mupite kwa amalume ako ku Changata."

Mwai anamuyang'ana.

"Ukudziwa bwanji?"

"Uli m'munda mwathu."

Mwai anasuntha pang'ono, n'kusiya mpata pakati pawo. Koma lole itagunda dzenje n'kuwagwedeza, anagwira siketi ya Queen, ndipo sanaisiyenso.

Dixon anakhala pa ngodya, atafulatira onse. Zala zake zinali pa foni. Ankalemba, n'kufufuta, n'kulembanso. Pa chitunda china pamene netiweki imagwira, foniyo inalira. Anaiyang'ana, n'kuibisa m'thumba msangamsanga.

"Dixon," anaitana Queen. "Watumiza chiyani?"

"Chithunzi chokha," anayankha osatembenuka. "Ndinatumiza kale, nthawi ya chakudya."

"Nanga panopa?"

Dixon anagwira thumba limene munali foni.

Lole inatsitsa Mwai ndi anzake pa mphambano ya kumudzi. Mwai anathamanga osatsanzika, jumbo ya nthochi ikumumenya m'miyendo. Kenaka lole inalowa pa geti ya esiteti n'kuima ku malaini. Dzuwa linali lisanalowe, koma mitambo inali italiphimba.

A Hopeson anamuthandiza Queen kutsika.

"Ndikuperekeze?" anafunsa.

"Ayi, sala. Zikomo."

Anayenda pakati pa nyumba zofanana zija. Masiku onse nthawi imeneyo amayi amakhala pa mpopi, ana akusewera fulaye. Tsiku limenelo anthu anali ataima m'makomo mwawo, ndipo Queen akamadutsa ankasiya kulankhula.

Atakhota pa nyumba yomaliza, anaona njinga yamoto ya kampani itaimikidwa pakhomo pawo. Pambali pake panali bambo ake a Dixon, atavala yunifolomu ya alonda, foni ili m'manja. Amayi ake a Queen anali atakhala pansi pakhonde, atagwira tsaya.

A Blackson anali ataima pakati pa bwalo. Makasu awo awiri anali atagonekedwa patsogolo pawo, dothi lofiira la kuphiri likadali pa mano ake. Dontho loyamba la mvula linagwa pa malata.

Queen anaima. Kumbuyo kwake anthu anali atayamba kusonkhana, ndipo njira inatsekeka.

Bambo ake anadzutsa mutu. Sanakuwe. Mawu awo anali otsika kuposa mmene Queen anawamverapo.

"Bwera kuno, mwana wanga," anatero. "Abwanawa alandira uthenga wa mwana wawo, akuti iwe uli ndi mayina a onse olima kuphiri. Bwera uwauze ine ndili pompano."